Jezi Yotsimphina

Tedson anaipeza jeziyo pansi penipeni pa belo la kaunjika la azakhali ake, a Anastazia, pamsika wa Dwangwa. Inali yobiriwira, nambala 14 kumsana, ikununkha mankhwala opaka a kuchipatala.

"Azakhali, iyi ndatenga. Loweruka kukubwera anthu a timu ya ku Lilongwe kudzasankha osewera."

"Tenga, mwana wa achimwene. Koma imva fungolo. Mwini wake sanasiyane nayo bwino."

Tedson anajambula chizindikiro cha pachifuwa, foni n'kumuonetsa kwawo kwa jeziyo: ku Ireland. Kumeneko ati kuli mpira wa Gaelic, umene amuna a ndevu zawo amaugwira ndi manja opanda manyazi, kenako n'kuumenya ndi phazi. M'kanema wa timu ya jeziyo amene anamupeza pafonipo, wa nambala 14 analumpha kuti awakhe mpira m'mwamba. Potera, bondo lamanzere linapindikira kumene bondo silipita. Anatuluka pamachira.

Tedson anazimitsa foni. Jezi ndi nsalu basi.

Lachinayi m'mawa anathamanga ataivala, pamchenga pomwe mtsinje wa Dwangwa umathira m'nyanja. Pobwerera anaona mapazi ake. Lamanja linadinda bwinobwino. Lamanzere linasiya mzere wautali, ngati wina amakoka chikuni. Chonsecho iye sanatsimphine ngakhale pang'ono.

"Uivule," anatero azakhali atamva.

"Koma ndikaivala ndimathamanga ngati si ine."

"Eya, vuto lake ndi lomwelo. Si iwe."

Loweruka anaivalabe. Anagoletsa zigoli ziwiri, a ku Lilongwe aja n'kumalemba m'kabuku. Kenako goloboyi wa timu inayo anaumenya mpira m'mwamba, n'kumatsikira pa Tedson. Manja ake anakwera okha. Miyendo inakonzeka kulumpha iye asanaiuze. M'makutu anamva khamu likukuwa m'chilankhulo chimene sanachimvepo, ndipo bondo lamanzere linazizira ngati alithira madzi a m'firiji.

Tedson anadzikhazika pansi pakati pa bwalo, n'kuvula jezi. Mpira unadunda pambali pake.

"Iwe! Wabwera kudzawothera dzuwa?" anakuwa kochi.

Anthu anafa nacho chiseko. A ku Lilongwe anafufuta dzina lake, anatenga wina. Tedson anabwerera kumsika wapansi, akuponda mosamala, mawondo onse awiri ali ake.

Azakhali anailandira jeziyo ndi zala ziwiri, Tedson akuwapempha kuti aiwotche.

"Kuwotcha? Ine sindiwotcha nsalu yabwinobwino. Ikufuna mwendo eti? Ndiipatsa," anatero akuseka.

Anaipinda kanayi n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo lawo la kaunjika, lomwe linkagwedera chaka chonse.

Lolemba masana, kulibe mphepo, palibe wolitsamira, mwendo uja unathyoka pakati, zovala zonse n'kukhuthukira m'fumbi.

Azakhali anauyang'ana mwendowo, kenako anayang'ana Tedson.

"Wamanzere," anatero chapansipansi.

Ulendo uno sanaseke.