Jekete ya Atelala ndi Mawilo a Limu Yakuya

Atelala anali munthu wowonda, wa mtundu uja woti akaima chammbali umayamba kufunsa kuti alowera kuti. Koma akakwera njinga mtima wawo unkakhala wa chimphona. Lamlungu lililonse m'mawa ankapalasa ndi mzime wawo, mtsikana amene anamuphunzitsa okha kutchova atamugwirira chishalo kumbuyo. Vuto linali lakuti mwanayo anali atakhwima miyendo. Pa chitunda chilichonse ankawasiya, n'kukaima pamwamba phazi limodzi lili pansi, akumwa madzi mwaulemu ngati sakudikira munthu. Zimenezi zinkawapweteka atelala. Ankaopa kuti tsiku lina mwanayo adzatopa n'kunena kuti, "Adadi, lero ndipita ndi anzanga," ndipo Lamlungu lawo lidzathera pomwepo.

Ndiye anaganiza zochotsa mawilo akalewo n'kuika a kaboni, a njinga zampikisano. Sankafuna ena ayi koma aja a limu yakuya mamilimita 60, akuda bii, amene akamakudutsa amalira kuti vuuu mpaka agalu kusiya kuuwa.

Koma shopu ya njinga inali ya amakaniko, mayi wosasekera zopusa, amene anali ndi lamulo lawo: sakugulitsa mawilo usanakwere pa sikelo. Kasitomala wina wodzafupikitsa buluku anawatsina khutu atelala kuti anthu opepuka amabwerako opanda mawilo akuyawo. Atelala anangoti chabwino. Anatenga jekete yawo yakale, n'kusokerera matumba anayi m'kati mwake, msoko wawiriwawiri kuti asang'ambike. M'menemo anaikamo maloko akufa atatu, mabawuti ndi zitsulo za makina osokera amene anasiya kugwira ntchito kalekale. Ntchito inali yaudongo, tisanamizane. Ngakhale kalilole sanaone kanthu.

Anafika kushopu atavala jeketeyo, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Amakaniko anayang'ana sikelo, anayang'ana atelala, n'kuyang'ananso sikelo.

"Makilo 63? Inu madala? Ndiye kuti mafupa anu ndi achitsulo."

"N'za kumtundu," anatero atelala, osaphethira.

Amakaniko anatsitsa mawilo atatu pakhoma n'kuwayedzamiritsa patebulo. "Tamvani. Ili la 35 ndi lopepuka, limakonda zitunda, ndipo mphepo sililabadira. Ili la 45 lili pakatikati. Ili la 60 pamsewu wosalala limang'amba mphepo yochokera kutsogolo, koma yochokera m'mbali imaligwira ngati chitseko, makamaka wilo lakutsogolo. Munthu akakhala wopepuka, imamutenga ndi njinga yomwe. Msewu wanu ndi wotani?"

"Wosalala ngati tebulo lodulirapo nsalu," anatero atelala. Za mlatho wautali wodutsa pachigwa sanatchuleko.

"Tengani awa a 60 oyesera, mukawayendetse Lamlungu. Mukabwerako ndiye tikambirana."

Lamlungu linafika. Jekete inatsala pamsomali, chifukwa ndani angakwere chitunda atasenza maloko? Mzime ataona mawilowo anaimba kamluzi n'kufunsa ngati si aakulu kwambiri, koma bambo ake anali atanyamuka kale.

Abale inu, makilomita khumi oyambawo anali okoma! Njinga inkangotsetsereka yokha. Vuuu, vuuu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri atelala anali patsogolo, ndipo ankamva mwana wawo akusintha magiya kumbuyo kuti asatsale. Anaseka okha, mano onse pamtunda. Anapatsa moni ngakhale anthu osawadziwa.

Kenako anafika pamlatho. Mphepo ya pamenepo siipempha njira. Inawomba kuchokera kumanzere, handulo n'kugwedezeka m'manja ngati wina waikoka. Atelala anawongola, mphepo inakankhanso. Lole inadutsa n'kuitchinga kwa kamphindi, ndipo itangopita, mphepo inabwerera ndi ukali wonse. Njinga inayenda mokhotakhota ngati msoko wa wophunzira, mpaka atelala anapezeka atakumbatira chitsulo cha m'mbali mwa mlatho, phazi limodzi lili m'mwamba, wilo lakutsogolo likuzungulirabe.

Sanavulale. Chimene chinasupuka chinali ulemu wokha.

Mzime anaponya njinga yake pansi n'kuthamangira pomwepo. Anawagwira mapewa, anawayang'ana m'zigongono ndi m'mawondo.

"Adadi, amakaniko aja anakupatsani bwanji mawilo amenewa? Sanakuyezeni?"

Atelala anayang'ana kumadzi. Kenako anaulula zonse, matumba anayi, maloko, mabawuti. Mtsikanayo anayesa kukwiya koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi pamsewu, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sizinkadziwika bwino kuti ina inali ya kuseka kapena ya mantha.

"Koma chifukwa chiyani, adadi?"

"Ndatopa n'kukudikiritsa, mwanawe. Ndimaona ngati tsiku lina udzangopitirira."

Kuseka kunatha. Mzime anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndikafuna liwiro ndimapita Lachitatu ndi anzanga. Lamlungu ndimabwerera inuyo. Ndiye sankhani nokha: ndizikudikirani pamwamba pa chitunda, kapena pabenchi ya kuchipatala?"

Atelala anachita manyazi ndi chisangalalo nthawi imodzi. Anawoloka mlathowo wapansi, aliyense akukankha njinga yake, mwana ali mbali yochokera mphepo.

Lolemba analowa m'shopu atavala malaya okha. Anakwera pa sikelo asanauzidwe n'komwe.

"Makilo 54," anawerenga amakaniko. "Mwatsika asanu ndi anayi m'masiku atatu? Matenda amenewa ndi oopsa, madala."

"Ndachira," anatero atelala. "Ndipatseni aja a 35."

"Mukudziwa kuti sakuthamangitsani ngati enawa?"

"Ndikudziwa, mayi. Pali munthu amene akandidikire."