Kachitini ka Fumbi la Malasha

Mawanga oyera atatuluka pamasaya a Laurindo, chaka chake chachiwiri mumgodi wa ku Moatize, iye anasiya kusamba kumaso. Fumbi la malasha linkawabisa bwino. Kuchipatala anamuuza kuti si khate, koma mtima sunamve. Anasiya kudya ndi anzake, ku Misa ankaima kuseri kwa chitseko. Akada nkhawa mawangawo ankayabwa, akayabwa nkhawa n'kumakula.

Chinkamudya kwambiri chinali cha Hortência, mtsikana wa ku Zóbuè amene anamutomera. Ankakhulupirira kuti akangoona nkhopeyo amukana.

Eusébio, mnzake wa chipinda chimodzi, sanamuseke. Ankangomusiyira theka la chinangwa chake pamphasa, ndipo popemphera ankatchula dzina lake motsitsa, ngati akunena za munthu wakutali.

Tsiku lokaonekera kwa makolo a mtsikanayo, Laurindo anavala malaya oyera, nkhope ili bii, m'thumba muli kachitini ka fumbi losefa bwino. Pa kamiyau, lole imene anakwera, ankadzipaka paliponse pamene thukuta ladutsa. Mayi wina anamufunsa ngati mgodi unamugwera, n'kumupatsa nthochi ziwiri.

Koma ku Zóbuè ndi kumapiri. Atangotsika, mvula inayamba. Anathyola tsamba la nthochi kuti afunde, mphepo inalilanda. Anatsegula kachitini, mwadzaza phala. Anafika pabwalo malaya ali mizeremizere ngati mbidzi, masaya ali poyera koyamba pa miyezi isanu.

Hortência anali pakhonde akutong'ola chimanga. Anamuyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Laurindo anatembenuka, akupempha Mulungu kuti kamiyau ija ikhale isanapite. Kenaka anamva mapazi kumbuyo. Mtsikanayo anali ndi beseni la madzi ofunda ndi kachidutswa ka sabau.

"Sambani, a Laurindo. Mawangawo ndinawaona kale pa Pasaka, akuyamba kuseri kwa khutu. Chimene amayi sangalole ndi mkamwini wodetsa mphasa."

Anasamba. Madzi anatayidwa katatu, ndipo nkhuku zimene zinamwako zinayenda ndi milomo yakuda mpaka madzulo. Podya anaonjezera kawiri.

Eusébio atamva zimenezi anathokoza Mulungu, n'kuyambanso kudya chinangwa chake chonse. Mawanga sanathe, ndipo masiku ena ankayabwabe. Kachitini kaja Hortência anakatsuka n'kuikamo mchere.