Ndodo ya Miyeso

Phula anakhuthula bokosi la zipangizo kachitatu. Matchizulo, nyundo ndi chingwe chopaka makala zinagwera pa utuchi, koma ndodo ya miyeso munalibe. Bambo ake anali atagona m'manda masiku anayi, ndipo mushedimo munatsala ngalawa imene anaisiya pakati: msana utayalidwa, nthiti zisanu ndi zinayi zitaimikidwa, kutsogolo konse kuli pululu.

"Ukufunabe kamtengo kaja?" anafunsa mkulu wake, kalaliki wa mumzinda, ataima pakhomo kuti nsapato zake zisadye utuchi.

"Si kamtengo, achimwene."

Bambo awo sankajambula ngalawa papepala. Ngalawa zonse za matanga zimene anakhoma, zonyamula mchere, makala ndi matumba a simenti, zinatuluka m'ndodo imodzi yotalika ngati munthu, yotemedwa mphini ndi mpeni mbali zonse zinayi. Mphini iliyonse inali ndi mawu ake: apa nthiti ipindike, apa mimba itambasuke, apa mlongoti uime. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu Phula anagwira ntchito pambali pa ndodoyo osaikhudzapo. Yake inali yokhomera thonje m'ming'alu ndi kumata phula, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika ngakhale kwa mkazi wake.

Mwini ngalawa analowa chipewa chili m'manja. Anali wamalonda wonenepa, wa mawu ofewa. Anapepesa za maliro, anatamanda malemu, kenaka anasisita nthiti imodzi ya ngalawayo.

"Mundikhululukire, koma mphepo siilira maliro. Ikatembenuka chombochi chili pamtunda, ndiye kuti chaka chino ndagona."

"Musadandaule, bwana," anatero kalaliki. "Ndalankhula kale ndi mmisiri wa kutsidya. Abwera Lolemba ndi anthu ake, atenga shedi yonse."

"Ndiimaliza ine," anatero Phula.

Kalaliki anaseka osatsegula pakamwa. "Iwe? Mwamva, bwana, kandulo ikufuna kukhala dzuwa."

"Nthiti izi ndinazinyamula ndine. Mitengo yake ndinakaisankha nawo."

"Bulu amanyamulanso mabuku, koma sitinamumve akuwerenga."

Wamalonda anatsokomola. "Ine sindikunyozani, aPhula. Malemu ankanena okha kuti inu mutha kumata ngakhale pakamwa pa mlamu wolongolola, osadontha. Koma kusema ndi nkhani ina." Anayang'ana kutsogolo kopanda nthiti kuja. "Komabe ine ndinadzera ndodo ija. Zombo zake sizinandimizirepo thumba. Ngati anakusiyirani, mundionetse, ntchito ndi yanu. Ndikhala pompano."

Phula anadutsa pabwalo n'kulowa m'nyumba. Amayi ake anali kuchipinda, akupinda malaya a malemu n'kumawasanja pabedi. Sanacheuke.

"Amayi, ndodo ya bambo."

Manja awo anaima pa kolala. "Ukanaisiya, mwanangu."

"Akufuna kupereka shedi kwa munthu wa kutsidya. Ngati mukudziwa pamene ili, ndiuzeni."

Amayiwo anagwada movutikira n'kusolola pansi pa bedi chinthu chachitali chokulungidwa m'chidutswa cha thanga, chomangidwa ndi chingwe pawiri.

"Anati ndikupatse iweyo. Osati mkulu wako, osati wina aliyense. Anabwereza katatu."

Phula anailandira. Zaka zonsezo za kutukwanidwa pamaso pa makasitomala, za kulandidwa kasemasema m'manja ngati mwana woseweretsa mpeni, zinasanduka china m'mutu mwake. Kani bambo ake ankangomuumitsa, monga ankaumitsira matabwa pamthunzi, osafulumira.

"Umasulire muno," anatero amayi ake.

Iye anali atatuluka kale. Anayenda pabwalo atainyamula ndi manja awiri. Mkazi wake, amene ankachapa pafupi ndi thanki, anaimirira thovu likudontha m'zigongono. Amayi ankabwera pambuyo, akukoka mwendo wawo wodwala.

Mushedi Phula anaigoneka pa benchi. "Anati ndi yanga, achimwene. Funsani amayi."

Wamalonda anasendera pafupi. Phula anamasula mfundo ziwirizo modekha n'kufunyulula thangalo.

Ndodo inali yomweyo, ya mtengo wakuda, yobooledwa kumutu. Koma inali itaonda, ndipo mbali zonse zinayi zinali see, zopanda mphini ngakhale imodzi.

Amayi anafika pakhomo, akupuma mwabefu.

"Masiku atatu omaliza," anatero, maso ali pansi. "Supuni inkawagwa m'manja, koma anaitanitsa galasi losweka. Ine ndinkagwira mbali ina, iwo akupala. Ndikati mupume, ankati sindinamalize."

"Inu munkagwira," anatero Phula.

"Unkawadziwa bambo ako."

"Sananene china?"

Amayiwo anapukuta milomo ndi nsonga ya nsalu. "Anati ngalawa yokhota isadzatchulidwe dzina lawo."

Kalaliki anatulutsa mpweya m'mphuno. "Basi, wapata ndodo yoyendera. Ukalamba nayo bwino."

Wamalonda anavala chipewa chake. Sanayang'ane Phula. "Lolemba ndiye Lolemba," anauza kalaliki, ndipo awiriwo anatuluka limodzi akukambirana za misomali. Pakhomo kalaliki anatembenuka.

"Usataye mtima. Wa kutsidya uja adzafunanso womata. Ndimulankhulira."

Amayi anabwerera kukapinda malaya.

Phula anatsala yekha pansi pa nthiti za ngalawa. Anayendetsa chala chachikulu pa ndodoyo kuyambira kumutu mpaka kumapeto, mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi, kufuna pamene dzanja la munthu wodwala linatopa n'kusiya kachipsera. Anaibweretsa pakhomo pamene panali kuwala, n'kuipendeketsa. Kenaka anaikweza kufika patsaya, anatsinzina diso limodzi, n'kuiyang'ana m'litali monga mmisiri amayang'anira thabwa.

Inali yowongoka ngati chingwe chokoka. Bambo ake anali ataipakanso mafuta.