Ayezi wa ku Rhea

Edita Sakala ankaphunzitsa sayansi pasekondale ina ku Chiparamba. Tsiku lina a Dokotala Mbewe, amene anamuphunzitsa ku yunivesite asanasamukire kunja, anamuimbira foni. Anali ndi manambala ochokera ku chombo cha mumlengalenga chimene chinayeza kuwala kosaoneka ndi maso, kuja kumene chinthu chimatulutsa molingana ndi kutentha kwake. Chinayeza pa Rhea, mwezi wa ayezi wozungulira pulaneti ya Saturn.

"Upeze kuti ayeziyo amazizira msanga bwanji mthunzi ukamugwera," anatero. "Dzina lako lidzakhala patsogolo."

Zaka ziwiri Edita analimbana nayo ntchitoyo. Loweruka lililonse ankapita kwa mlamu wake ku Nabvutika, kumene kunali magetsi ndi netiweki. Ku kwaya anasiya. Mtedza wa amayi ake unamerera m'nthaka iye ali pa laputopu. Pamapeto pake anapeza yankho: pamalo amene anayezawo ayezi amataya kutentha mofulumira kwambiri, kusonyeza kuti ndi wofumbutuka ngati phulusa, osati wolimba ngati mwala.

Pepala la kafukufukuyo litatuluka, mphunzitsi mnzake, a Paison, ndiwo anamuonetsa pafoni nthawi ya buleki. Pamwamba panali mayina asanu, loyamba la a Mbewe. Lake analipeza kumapeto kwenikweni: "Tikuthokoza E. Sakara potithandiza kusanja manambala." Ngakhale kulemba kwake anaphonya.

Anatuluka panja n'kuwaimbira foni a Mbewe.

"A Dokotala, ndinakulakwirani chiyani?"

"Mwana wanga, anzangawa amafuna munthu wa payunivesite. Sekondale ya kumudzi ndikanailemba bwanji? Usadandaule, pali mwezi wina wa Saturn. Manambala ake ndikutumizira mawa."

Edita analembera kalata akonzi a magazini imene inasindikiza pepalalo. Patatha miyezi itatu anamuyankha kuti nkhani zotere eni ake amakambirana okha. Manambala atsopano aja sanawatsegule n'komwe.

Mu Disembala anakumana nawo a Mbewe m'sitolo ina m'tauni, atabwera kudzaona abale. Anamugwira dzanja mosangalala, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Uyu ndi mtsikana uja amatithandiza kutaipa."

Edita anali atakonza mawu oti awauze kwa chaka chathunthu. Koma anangoona mawondo ake akupinda okha mwaulemu.

"Mwafika bwanji, amayi?" anatero.

Anakwera minibasi yobwerera ku Chiparamba. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali kupinda mawondo kuja.