Mwala wa Ketrina pa Hampu

Pamsewu waukulu wopita kum'mawa, kufupi ndi Chinyunyu, pali hampu yochepetsa liwiro la magalimoto imene basi iliyonse imagwadira, dalaivala wake akhale wamwano chotani. Basi ikagwada, apaulendo amasuzumira pamawindo, ndipo wogulitsa amene maso awo ayamba kumuona ndiye amapita kunyumba beseni lili pululu. Kwa zaka zambiri wogulitsa woyambayo anali Ketrina.

Malo a pa hampu sagulidwa ndipo salembedwa paliponse. Mayi aliyense ali ndi mwala wake woikapo beseni la nthochi, masuku kapena chimanga chootcha, ndipo mwalawo ndiwo mboni. Ukadwala, mwala umakusungira malo. Ukapita kumaliro kutali n'kukhalitsako, umabwera n'kupeza anzako akhala akukusesera. Palibe amene amakhudza mwala wa mnzake, ngakhale awiriwo asamapatsane moni. Koma lamuloli lili ndi mbali ina yowawa. Ukauzula mwala wako wekha ndi manja ako, ndiye kuti watsanzika. Mzere wonse umasendera kutsogolo, ndipo tsiku limene udzafune kubwerera ukayambira kumapeto, kumene basi zimakhala zitayamba kale liwiro.

Mwala wa Ketrina unali mphero yakale yobenthuka mbali imodzi, imene malemu mayi ake anabwera nayo kuchokera ku Petauke. Mwala umenewu ndiwo unamulera, ndipo ndiwo unkaphunzitsa ana ake. Wachiwiri pamzere anali Eneless, mkazi wa mlongo wake. Awiriwa ankagwirizana monga amachitira alamu ogulitsa katundu wofanana: ankadyera limodzi masana, koma basi ikatulukira chibale chinkayamba chadikira.

Kenaka Rufunsa inakhala boma payokha. Anthu anasangalala, ndipo anali ndi chifukwa, poti kale kanthu kalikonse kofuna chidindo kankafuna ulendo wa ku Chongwe. Kunabwera mabwana atsopano, maofesi atsopano, ndi makomiti ochuluka kuposa mipando yokhalira. Imodzi mwa makomitiwo inali ya misika, ndipo inali ndi wofalitsa nkhani wake, bambo Kingsford, amene ankayenda pa galimoto yokhala ndi chimkuzamawu padenga. Munthuyu anali wabwino mtima, kungoti ankakhulupirira kuti chinthu chikalengezedwa ndiye kuti chachitika.

Komitiyo inamanga msika. Ndiyenera kunena zoona, unali msika wokongola: malata obiriwira, matebulo a simenti, mjigo pakhomo, chimbudzi cha amuna pachokha, cha akazi pachokha. Anaumanga kuseri kwa kaphiri, kumene msewu umangomveka koma osaoneka, chifukwa kumeneko ndiko kunapezeka malo opanda mkangano. Chilichonse chinalipo, kupatula wogula.

Kingsford anaimika galimoto pa hampu, natsika, nalunjika kwa Ketrina.

"Bamayo, imwe ndimwe namba wani pano," anatero atavula chipewa. "Mukayenda imwe, bonse bazakonka kumbuyo kwanu. Komiti yaona kuti munkhale cheyaledi wa maliketi."

Apa ndi pamene Ketrina anagwidwira. Dzuwa la pamsewu linali litamutopetsa, fumbi linkamukhosomoletsa, ndipo mawondo anali atayamba kudandaula. Zonsezo n'zoona. Koma choona china n'chakuti chibadwire sanasankhidwepo pa udindo uliwonse, ngakhale woyang'anira matsache kutchalitchi. Mawu oti cheyaledi, mayi wapampando, anamulowa mumtima ngati shuga m'tiyi.

Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo, nafotokozera anzake za malata, za mjigo, za chimbudzi. Amayi anaomba m'manja.

"Tili kumbuyo kwanu, ba cheyaledi," anatero onse.

Sananame. Pamzere paja analidi kumbuyo kwake.

Tsiku lotsegulira msika kunabwera mabwana pa magalimoto oyera, ng'oma zinalira, ana asukulu anaimba za chitukuko. Mwambo unayambira pa hampu kuti anthu onse ayende pa mdipiti mpaka kumsika. Ketrina anavala chitenje chatsopano, beseni la nthochi lili pamutu. Kingsford anamuzungulira ndi kamera, koma nkhope yake inkaoneka yosakhutira. Ankafuna chithunzi choti munthu akangochiona amve uthenga wonse popanda kuwerenga. Maso ake anagwera pa mphero ija.

"Eya! Bamayo, tulani beseni. Nyamulani mwala uyu, muupeleke ku maliketi. Bantu baone kuti zakale zasila, zapita."

Nthungululu zinaduka. Kingsford sankadziwa chimene wapempha, poti iye kwake kunali ku Lusaka, ndipo kwa iye mwala unali mwala basi. Koma Ketrina ankadziwa. Aliyense wa pamzere ankadziwa.

Eneless anasendera pafupi nalankhula chapansipansi.

"Ba mulamu, siyani mwala. Nyamulani chabe beseni."

Akanalankhula wina aliyense, mwina Ketrina akanamva. Koma analankhula ndi Eneless, ndipo m'makutu mwa Ketrina zinamveka ngati nsanje ya munthu amene sanapatsidwe mpando. Bwana wamkulu anali akuyang'ana wotchi. Kamera inali itamuloza. Ndiponso, anadziuza yekha, mawa lomweli onse adzakhala ali kumsika, ndiye hampu idzakhala ya ndani? Anawerama, nagwedeza mwala uku ndi uku mpaka unazuka. Pansi pake panali dothi lonyowa ndi nyerere zothawa ndi mazira awo. Anausenza pamutu, namwetulira. Kamera inaphethira, mabwana anaomba m'manja, ndipo amayi anayambiranso nthungululu mwamphamvu kuposa poyamba. Anamuperekeza mpaka kumsika akuvina, aliyense ndi beseni lake pamutu, miyala yawo ataisiya pamene inali.

M'mawa mwake Ketrina analawirira. Anasesa msika wonse, nayala nthochi pa tebulo loyamba, nakhala. Dzuwa linakwera. Kuseri kwa kaphiri ankamva basi zikugwada pa hampu, kenaka phokoso la amayi akuitanira malonda. Anapirira mpaka masana, kenaka anamanga chitenje n'kupita kukaona.

Mzere unali utasendera. Pamalo pa mphero panali mwala wa Eneless, utakhazikika bwinobwino ngati unamera pomwepo.

"Manje ni chani ichi?" anafunsa Ketrina. "Simunakambe kuti muli kumbuyo kwanga?"

"Tinabwela ku mwambo, ba mulamu, tinavina," anayankha Eneless akuyang'ana pansi. "Koma basi siziba njila ya ku maliketi."

"Mwala ninanyamula chabe chifukwa cha foto!"

"Foto olo osati foto, manja anali yanu. Ninakuuzani."

Ketrina anayang'ana amayi enawo mmodzimmodzi. Aliyense anapeza chochita: wina kutembenuza chimanga pa mbaula, wina kupukuta masuku amene anali oyera kale. Anabwerera kumsika mtima ukuwawa, koma mutu uli m'mwamba. Iye anali cheyaledi. Boma silingamange msika n'kuusiya choncho. Tsiku lina apamsewu onse adzathamangitsidwa, adzabwera akukwawa, ndipo adzamupeza iye ali pa tebulo loyamba.

Anadikira. Ogula ake anali aphunzitsi awiri amene ankadutsa pomwepo popita kunyumba, ndi amayi obwera kumjigo amene ankangofunsa mtengo pofuna kucheza. Mbuzi zinazolowera mthunzi wa malata, ndipo zinkabwera tsiku lililonse mosajomba. Nthochi zinkada pa tebulo, iye n'kumazitengera kunyumba, mpaka ana anayamba kuzikana. Mphero ija anaisandutsa chotsamiritsa chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

Nthawi ndi nthawi galimoto ya Kingsford inkadutsa mumsewu waukulu ikulengeza nkhani za boma: katemera wa agalu, tsiku loyeza ana sikelo, mlatho umene udzakonzedwe mvula ikatha. Pamapeto pake sinkalephera kuwonjezera kuti msika watsopano ukuyenda bwino motsogozedwa ndi amayi Ketrina. Mawuwo ankadumpha kaphiri n'kumupeza ali yekha ndi mbuzi. Tsiku lina anathamanga kuti akaiimitse galimotoyo. Anaipeza itaima pa hampu, Kingsford akugula chimanga chootcha kwa Eneless.

"Ba Kingsford, nanga simugula ku maliketi yanu?"

"Aa, ba cheyaledi! Ka njila kaja kali na maenje, motoka ingaonongeke," anatero akutafuna. "Koma musadandaule, nkhani yanu ili pa tebulo. Tikali kuphunzisa bantu."

Mvula inagwa, inatha. Mwana wamkulu wa Ketrina anasiya kaye sukulu kuti azithandiza kumunda. Mwamuna wake, Patson, amene sankakonda kulankhula, anangonena usiku wina akudya kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kenaka chimkuzamawu chinabwera ndi nkhani yatsopano. Komiti, chinatero, yamva kulira kwa anthu. Poona kuti amalonda amakonda pamsewu, msika uja usanduka mosungira fetereza, ndipo pa hampu pamangidwa shedi yamakono kuti amayi asamapse ndi dzuwa. Aliyense adzakhala pamalo pamene ali, monga mwa mzere wawo, poti komiti imalemekeza chikhalidwe cha anthu.

Shediyo inamangidwadi, ndipo inamangidwa msanga. Inatalika kuyambira pa mwala woyamba mpaka pa mwala womaliza, osapitirira. Pamwamba pake, kumutu kwenikweni kwa Eneless, anakhomapo chikwangwani chachikulu. Pachikwangwanipo panali Ketrina, chitenje chatsopano, mphero pamutu, akumwetulira mano onse pamtunda, ndipo pansi pake panalembedwa kuti tiyende limodzi ndi chitukuko.

M'mawa wa tsiku lotsegulira shedi, Kingsford anafika kumsika akuyenda wapansi, nsapato zili fumbi lokhalokha. Kanali koyamba kupondamo chitsegulire.

"Ba cheyaledi, tifuna foto ina. Imwe munatsogolela popita, mutsogolele na pobwela. Mwala uja ukalipo?"

Ketrina anafuna kumutukwana. Koma kamtima kena kanamunong'oneza kuti mwina, pamaso pa mabwana, anthu akadzamuona akubwera ndi mphero ya mayi ake, adzachita manyazi n'kumusendera. Anachotsa mwalawo pachitseko, nausenza. Unali wolemera kuposa kale.

Pa hampu ng'oma zinali zikulira. Amayi anamulandira ndi nthungululu, kamera inaphethira, bwana wamkulu anadula riboni nanena kuti boma latsopanoli silisiya munthu m'mbuyo. Kenaka mabwana anagula nthochi kwa Eneless, nakwera magalimoto awo oyera, napita. Kingsford naye anapita, akuyesa chimkuzamawu chake.

Ketrina anatsala chiimire patsogolo pa shedi, mwala uli pamutu, chithunzi chake chikumwetulira pamwamba pake. Khosi linayamba kunjenjemera.

"Ba mulamu," anatero kwa Eneless.

Eneless anali ndi misozi m'maso, ndipo sinali yachinyengo.

"Nikasendela ine, basendele bonse, manje wa kumapeto azachoka mu shedi. Bafunseni mweka." Anapukuta misozi. "Olo muzibwelesa nthochi zanu, nizikugulitsilani pa beseni yanga."

Chifundo chimenecho chinamupweteka Ketrina kuposa chipongwe. Sanafunse aliyense. Lamulolo ankalidziwa bwino, poti iye mwini analigwiritsapo ntchito pa ena, ndipo nthawi imeneyo linkamukomera. Anayamba kuyenda motsata mzere. Anadutsa amene anakula nawo, anadutsa amene anawaphunzitsa yekha kuitanira malonda, anadutsa atsikana amene anabwera dzana ndi dzulo. Aliyense ankamupatsa moni mwaulemu, ati mwauka bwanji ba cheyaledi. Pamene malata anathera, anayendabe pang'ono, natula mphero padzuwa. Anaigwedeza mpaka inakhazikika, nabwerera kukatenga beseni lake.

Basi yochokera ku Lusaka inatulukira. Inagwada pa hampu, manja anatuluka pamawindo, nthochi za Eneless zinakwera. Kenaka injini inabangula. Pamene inkafika pa Ketrina inali itayamba kale liwiro, koma iye anaimirirabe, nakweza phava la nthochi m'mwamba monga ankachitira kale. Mayi wina wa pawindo anamuyang'ana, nacheukira chikwangwani, namuyang'ananso.

"Onani! Ni bamayo baja ba pa chikwangwani!" anakuwa mokondwa.

Apaulendo a mbali yonseyo anamubayibitsa ndi manja awiri. Ketrina anawayang'ana mpaka basi inazimirira, nthochi zikadali m'mwamba. Kenaka anakhala pansi, natenga nsonga ya chitenje, nayamba kupukuta fumbi pa nthochi imodziimodzi.