Galafu ya Mikono Iwiri

Malire anali malikisi 70. Kalata ya sukulu sinazungulire. Enyonam Agbeko akalephera kufika pamenepo pa mayeso a masamu otsekera chaka, thandizo la fizi latha, malo ake apatsidwa wina.

Sukuluyo inali ku East Legon, dera la anthu olemera. Ana ankabwera pa magalimoto a magalasi akuda. Enyonam ankatsika trotro, minibasi ya anthu wamba, pakona, n'kupukuta nsapato asanafike pageti. Amayi ake ankagulitsa waakye pa siteshoni ya Madina, mpunga wophikira pamodzi ndi nyemba, wokulunga m'masamba. Kalasi yonse inkadziwa zimenezo. Amene anaonetsetsa kuti izidziwa anali Lamiley, mtsikana wa pa desiki lakutsogolo, yemwe sanazolowere kukhala wachiwiri.

Masamu Enyonam ankawatha. Chosowa chinali pa desiki. Aliyense anali ndi kalikuleta yojambula magalafu, yaikulu ngati njerwa. Iye anali ndi pepala la mizere, pensulo ndi lula.

Teremu imeneyo Mayi Ankrah ankaphunzitsa mafankishoni.

"Fankishoni ndi lamulo," ankatero. "Ukaliponyera nambala, limakubwezera nambala imodzi. Imodzi, osati ziwiri. Inivesi ndi ulendo wobwerera. Ngati 3 wakufikitsa pa 9, pobwerera 9 akufikitse pa 3."

Enyonam anali ndi njira yake yochokera ku sukulu ya boma. Ankajambula galafu mokanikiza pensulo. Ankalemba mzere wopendekera wa y = x. Ankapinda pepala pamzerewo, n'kukanda ndi chikhadabo. Akatambasula, chithunzi chadinda mbali inayo. Inivesi ndi imeneyo.

"Taonani, ayamba kukulunga!" Lamiley anafuula tsiku lina. "Iwe Wamasamba, ine undiikire dzira ndi tsabola wambiri."

Kalasi inafa ndi phwete.

"Lamiley, tseka pakamwa," anatero Mayi Ankrah. "Njira yakeyo ndi yolondola."

Yolondola inde, koma dzina linakakamira. Wamasamba m'kalasi. Wamasamba pamzere wa chakudya. Pa mayeso a pakati pa teremu Enyonam anakhala woyamba, Lamiley wachiwiri. M'mawa mwake Enyonam anapeza masamba a mafuta atalowetsedwa m'buku lake la masamu. Mapeji khumi anamatana.

Madzulo amenewo anapeza amayi ake akutsuka mapoto.

"Amayi, ine zopinda mapepala ndatopa nazo."

"Kupindako kukukulakwitsa?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Akundiseka."

Loweruka amayi anatulutsa nsalu zawo ziwiri za ku tchalitchi, zimene ankasunga pansi pa sutikesi, n'kukagulitsa. Anakwera naye trotro mpaka ku Circle, kumsika wa zipangizo zamagetsi. Anabwerako ndi kalikuleta yogwiritsidwa kale ntchito, yokalika pakona, koma yoyaka.

Lolemba Lamiley anasanduka munthu wina. Anakoka mpando, n'kukhala pafupi.

"Eee, asisi! Mwalowa m'gulu la anthu tsopano. Bweretsa ndikuonetse."

Enyonam anamva kutentha kumaso. Palibe anali atamutchulapo asisi pasukulupo.

Lamiley analoza mabatani. "Lemba fankishoni apa. Dina. Sankha pa inivesi. Dinanso."

Mzere unayamba kukwawa pa kagalasi wokha, ngati nyerere. Enyonam anaseka.

"Waona? Masekondi atatu. Chimene chatuluka, kopera chonse. Makina sanama."

"Nanga funso likaika malire a x?"

"Aaa, zimenezo n'zongodya nthawi. Makina amadziwa okha. Zopindapinda zija usiyire amayi ako."

Anatero akumwetulira, dzanja lili paphewa pa Enyonam. Enyonam anasankha kumva dzanjalo, osati mawuwo.

Mayi Ankrah anaona kusinthako. Anaima pa desiki la Enyonam sabata yomweyo.

"Enyonam, pepala lako lija lili kuti?"

"Ndinasiya, Madamu. Ndili ndi makina."

"Makinawo sawerenga funso. Amajambula zimene wawauza. Akajambula, tenga nambala imodzi uyese. Pinda ngati kale, uyerekeze ziwirizo. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Kumbuyo kwa aphunzitsiwo Lamiley ankapinda manja m'mwamba, kutsanzira wokulunga mpunga. Atsikana awiri anabisa nkhope m'mabuku. Enyonam sanapindenso pepala. Ngakhale kunyumba.

Tsiku la mayeso linafika. Holo yozizira, mafani akulira. Mafunso asanu ndi limodzi oyamba anayenda bwino. Lachisanu ndi chiwiri linali la malikisi asanu ndi atatu: x kuchulukitsa ndi x, ndipo x ayambire pa ziro kupita m'mwamba. Jambulani inivesi yake, mufotokoze nambala zimene imabweza.

Enyonam analemba fankishoni. Malire sanaike. Kalikuleta inajambula mbale yathunthu, mbali ziwiri. Anadinanso. Inivesi inatuluka: mbale yogonera cham'mbali, mkono wina pamwamba, wina pansi.

Chinachake sichinakhale bwino. Chala chake chinafika chokha pakona ya pepala losewerera. Kupinda kukanatenga mphindi imodzi.

Anakweza maso. Mizere iwiri kumanzere, Lamiley ankamuyang'ana, nsidze zili m'mwamba.

Enyonam anachotsa chala. Anakopera mikono yonse iwiri, mwaukhondo, ndi pensulo yosongoka. Mayankho otsatira anawamanga pa chithunzi chomwecho.

Zotsatira zinatuluka patatha masabata awiri. Lamiley 88. Enyonam 66.

Mayi Ankrah anamuitanira ku ofesi. Pepala linali patebulo, mzere wofiira utadula mkono wapansi.

"Khala. Ndakuponyera 9. Undibwezera chiyani?"

"3, Madamu."

"Galafu yako ikuti chiyani?"

Enyonam anatsatira ndi chala. Pamwamba panali 3. Pansi panali 3 wina, wa kunsi kwa ziro.

"Mayankho awiri," anatero chapansipansi.

"Ndiye si fankishoni. Funso linati x ayambire pa ziro. Mbale ija inayenera kukhala theka. Makina sanadziwe, chifukwa sunawauze." Anamukankhira pepala la mizere ndi pensulo. "Chita mwa njira yako."

Enyonam sanaiwale. Theka la mbale. Mzere wopendekera. Kupinda. Kukanda. Kutambasula. Mkono umodzi, wapamwamba, woyera bwino.

"74," anatero Mayi Ankrah. "Ukanapeza imeneyo."

"Madamu, ndilembenso. Chonde. Ngakhale pano."

"Ndawapempha kawiri a komiti ya thandizo la fizi. Akana. Akuti pali ana makumi anayi akudikira malo ako."

"Koma Lamiley anati ndingokopera zonse."

Mayi Ankrah anatsegula kabati, n'kuyang'ana pepala lina osalitulutsa.

"Lamiley wajambula mkono umodzi. Malire anaika."

Kunja belu linalira.

"Makolo ake ndiwaitana," anapitiriza Mayi Ankrah. "Zimene wachita n'zoipa, ndipo adzazimva kwa ine. Koma sindikunamiza, mwana wanga. Pensulo inali m'dzanja lako. Unkadziwa njira, ndipo unaitaya kuti usasekedwe. Ndikulembera kalata yopita nayo ku sukulu ya boma. Mutu uli nawo. Usadzaubwereketsenso munthu."

Pageti galimoto yakuda inaima pafupi ndi Enyonam. Galasi linatsika. Anali Lamiley.

"Wamasamba! Ndamva. Pepa, wamva?"

"Unkadziwa," anatero Enyonam.

"Ine ndimawerenga funso, asisi." Lamiley anaseka. "Kalikuleta ija musataye. Muziwerengera mazira."

Galasi linakwera. Galimoto inapita.

Ku Madina kunali phokoso la masiku onse. Makondakitala akukuwa, utsi, dzuwa. Pa benchi ya amayi ake panali mzere wa anthu. Enyonam anapereka kalata. Amayi sanaitsegule. Anawerenga nkhope yake.

"Makina aja anawonongeka?"

"Ayi, Amayi."

"Anakubera?"

"Ayi."

Amayi anaika kalatayo pansi pa beseni. Anali atavala nsalu yakale, yofwifwa, yokhayo imene inatsala. Anapukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja.

"Samba m'manja. Anthu akudikira."

Enyonam anaika chikwama pansi pa tebulo, kalikuleta ili momwemo. Anatenga tsamba. Mpunga, dzira, tsabola. Anapinda kona ndi kona, n'kukanikiza ndi chikhadabo.

Dalaivala wa trotro analandira, n'kutembenuza mtolowo m'manja.

"Mayi, mwana wanuyu amapinda bwino zedi. Anaphunzira kuti?"

Enyonam anatenga tsamba lina.

Phunziro: Kalikuleta imafulumizitsa ntchito, koma siwerenga funso ndipo siganiza m'malo mwanu. Ikajambula, yesani ndi nambala imodzi, muyerekeze ndi njira imene mukuimvetsa. Musataye zimene mukudziwa chifukwa choopa kusekedwa, ndipo malangizo a munthu amene dzulo ankakunyozani muziyamba mwawayesa. Inunso amene mumanyoza anzanu chifukwa cha ntchito ya makolo awo, dziwani kuti nthabwala yanu ya mphindi imodzi ikhoza kuchotsa mwana pasukulu.