Nyumba ya Achemwali pa Okushoni

Anthu a kubanki atamata chipepala pageti la nyumba ya achemwali ake, Kalipentala anakhala masiku atatu osagwira nyundo. Mlamu wake anali atamwalira chaka chapitacho, n'kusiya ana atatu, lole yakufa injini, ndi ngongole imene chikole chake chinali nyumbayo. Tsopano banki inkafuna zake. Chipepalacho chinkati nyumba igulitsidwa pa okushoni, ndipo wotchula mtengo waukulu ndiye adzaitenge.

Achemwali akewo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ndi amenenso anamugulira sowo yake yoyamba. Zitseko ndi mafelemu a nyumba imeneyo anakhoma ndi iye, akungoyamba kumene ntchito. Ndiye angopinda manja n'kumaonerera mlongo wake akutulutsidwa pamodzi ndi ana? Chibale ndi fupa. Anagulitsa makina ake opalira matabwa, amene ankawasamala kuposa mmene amuna ena amasamalira akazi awo. Anagulitsanso puloti yake, mkazi wake n'kuwonjezerapo za pa geni yake ya zovala. Zonse pamodzi zinakwana mamiliyoni khumi ndi awiri. Cholinga chinali chimodzi: agule nyumbayo, achemwali asasamuke.

Ku ofesi ya okushoni kunali mlembi wina amene Kalipentala anamukonzerapo mipando ulere. Mlembiyo anamukokera pakhonde n'kutsitsa mawu.

"Bambo, mvetserani. Mtengo uyambira pa mamiliyoni asanu ndi atatu. Nyumba ija ndaiona, yatopa. Siling'i yalendewera, chitseko chikukhula pansi, magalasi ena anasweka. Ogula akaona zimenezo amagwa ulesi, ndipo mwayi wanu uli pamenepo. Loweruka anthu akubwera kudzaiona. Musakhudze kanthu. Isiyeni momwe ilili."

Kalipentala anathokoza. Malangizowo anawamva bwinobwino, tisamunamizire kuti sanamve.

Lachinayi anapita kukawauza achemwali, ndipo anawapeza atagwada pabalaza akukolopa, makatani onse ali pachingwe panja.

"Achemwali, mukutani? Atiuza kuti tisakhudze kanthu."

"Kukubwera anthu, achimwene."

"Amenewo si alendo, ndi ogula. Nyumba ikaoneka bwino mtengo ukwera."

Achemwali anafinya chisanza mu ndowa, osamuyang'ana n'komwe. "Zaka makumi awiri palibe munthu analowapo muno n'kupeza uve. Ndiye alowe lero, azikanena kuti mayi uja n'chifukwa chake anamulanda nyumba, taonani mmene amakhalira? Ngongole yandichititsa kale manyazi. Fumbi lisawonjezere."

Kalipentala anakhala pampando. Kenako achemwali anadzuka kuti akataye madzi, ndipo potsegula chitseko anachita kuchinyamula ndi phewa. Chitsekocho chinalira kuti kwee pasimenti, ndipo kulirako kunamulowa m'mano. Chinali chitseko chake. Loweruka anthu adzachikankha, adzachiseka, ndipo wina adzafunsa kuti anakhoma ndani.

Anadziuza kuti angomanga mahinjesi basi, kantchito ka mphindi khumi. Koma mmisiri ali ngati munthu wokanda mphere, akayamba saleka. Atamanga mahinjesi anaona kuti chitseko chinafufuma kunsi, anachipala. Pamene anapalapo panayera mbee, panafunika vanishi. Chitseko chitawala, mafelemu a mawindo anayamba kuoneka ngati amasiye, nawonso anawapaka. Pofika Lachisanu madzulo anali atakhomanso siling'i, ataika magalasi awiri atsopano, ndipo zitseko za kabati ya kukhitchini zinkatsekeka ndi chala chimodzi. Achemwali ankamupatsira misomali ali pamakwerero, akung'ung'udza kanyimbo. Chimwalirireni mlamu wake, Kalipentala anali asanawamvepo akuimba.

Atafika kunyumba akununkha vanishi, mkazi wake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kodi inu bambo, nyumba ija mukuigula kapena mukuigulitsa?"

"Ndangokhudza pang'ono," anatero, maso ali pansi.

Loweruka anthu anabweradi. Achemwali ankawalonjera pakhomo mmodzimmodzi, kuwapatsa mipando ndi madzi akumwa, ngati kuti abwera kudzacheza. Amuna a bizinesi ankagogoda makoma, kuyeza zipinda ndi tepi, osayankha moni. Panalinso mayi wina wa magalasi, mphunzitsi wopuma pantchito, amene sanayeze kanthu. Iye anangoima pakhomo, natsegula chitseko chija, natseka, natsegulanso, kenako n'kuchisisita ndi dzanja.

"Amene anakhoma chitseko ichi amaidziwa ntchito," anatero mayiyo.

Kalipentala, munthu wa Mulungu, anamwetulira njira yonse yobwerera kwawo.

Okushoni inachitikira m'chipinda cham'mwamba, cha mipando yapulasitiki ndi fani yosazungulira. Achemwali anakana kupita, anatsala kunyumba. Kalipentala anakhala mzere wachiwiri ndi mkazi wake. Kutsogolo kunali wogulitsa wa tayi yofiira, atagwira kanyundo kosalala kamene chibadwire sikanakumanepo ndi msomali.

"Mamiliyoni asanu ndi atatu, ndani akuyamba?"

Kalipentala anakweza mkono. Ena anakwezanso. Mtengo unathamanga, ndipo utafika pa khumi amuna a bizinesi aja anayamba kuyang'ana mafoni awo. Mtima wa Kalipentala unayamba kukhala pansi. Ankaona kale achemwali akuchotsa chipepala chija pageti.

"Khumi ndi theka," anatero mawu a mayi kumbuyo.

Anacheuka. Anali Aphunzitsi aja, chikwama chili pamiyendo, nkhope ili duu ngati akuyang'anira mayeso.

"Khumi ndi limodzi," anatero Kalipentala.

"Khumi ndi limodzi ndi theka."

"Khumi ndi awiri," anatero Kalipentala. M'mawu amenewo munali makina, munali puloti, munali zovala za mkazi wake. Kuseri kwake kunalibenso kanthu.

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango, anawavalanso.

"Khumi ndi awiri ndi theka."

Mkono wa Kalipentala unayamba kukwera wokha, koma mkazi wake anaugwira n'kuukanikizira pa bondo. "Tilibe, bambo," ananong'ona. "Tilibe." Kanyundo kaja kanagwa.

Anthu akutuluka, Aphunzitsi anamupeza pamasitepe. Sankaoneka ngati munthu wopambana.

"Pepani bambo, ndakupikisani. Zaka makumi atatu ndakhala m'nyumba za lendi, ndipo imeneyi ndi penshoni yanga yonse. Ndinabwera nditalumbira kuti sindipitirira khumi. Koma nyumba zolandidwa ndaonapo zinayi, zonse eni ake anazisiya atazula masoketi, atathyola zitseko chifukwa cha mkwiyo. Iyi yokha ndinaipeza yosesedwa, chitseko chikutsekeka osalira. Ndinati anthu awa nyumba yawo ankaikonda, siingandinamize."

Mlembi uja ankadutsa ndi mafaelo. Anamuyang'ana Kalipentala, anapukusa mutu, n'kupitirira.

Kalipentala sanakwere basi. Anayenda wapansi, chifukwa ankafuna kuti njira italike. Analibe woti amukwiyire. Mayi uja sanabe. Banki inatenga zake. Wolakwa anali ndi vanishi m'zikhadabo.

Atafika anawapeza achemwali pakhonde, atavala diresi lawo labwino. Atangoona mayendedwe ake anadziwa.

"Yapita?"

"Yapita, achemwali. Theka la miliyoni lokha." Anagwada pafupi ndi mapazi awo, munthu wa imvi zake. "Ndine ndakugulitsirani nyumba. Anandiuza kuti ndisakhudze. Mayi waigulayo akuti anakopeka ndi chitseko. Ndikanangopinda manja anga, bwenzi mukugona muno mpaka kalekale."

Achemwali anayang'ana maluwa awo a m'zitini. Misozi inatsika, osaipukuta.

"Ananenanso chiyani mayiyo?"

"Anati nyumba anaipeza yosesedwa. Anati eni ake ankaikonda."

"Anatero?"

"Anatero."

Achemwali anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anamugwira pamutu, monga ankachitira ali mwana.

"Dzuka iwe, ukudetsa buluku. Misomali ija ndinkakupatsira ndine."

Patatha milungu itatu anasamuka. Katundu anapita kwa Kalipentala, m'shedi mmene munkakhala makina aja, mmene anali atadulamo kale zipinda ziwiri. Lole yahayala itadzaza, ana atakwera, achemwali anabwerera m'nyumba ndi tsache. Anasesa chipinda chilichonse, kuyambira kuchipinda chogona mpaka pabalaza, ndipo palibe anawaletsa. Atamaliza anatuluka, n'kumupatsa Kalipentala kiyi.

"Tsekani, achimwene. Ine sindingathe."

Kalipentala anagwira chitseko chake n'kuchikoka. Mumtima ankapempha kuti chikhule pansi, chikanirire, chilire ngakhale kamodzi kokha. Koma anali atachikonza bwino. Chinatsekeka osalira.